Timabuku tiwiri m'thumba la yunifomu: zoti uchite mtsikana iwe ukamalowa udokotala wa mano

Lamulungu lapitali, mapemphero atangotha ku Mufakose, mu Harare muno, mayi wina wa Chigwirizano anandikokera pamthunzi, mwana wake akubwera pambuyo maso ali pansi. Mtsikanayo wapeza malo okaphunzira udokotala wa mano. "Adokotala, mng'ono wanuyu mumulangize," anatero mayiwo. Ndisanatsegule pakamwa, mkulu wina amene amadutsa Baibulo lili kukhwapa anaima, nayang'ana manja a mtsikanayo, n'kufunsa kuti, "Timanja timeneti tidzazula dzino la munthu wamkulu ngati ine?" Anthu anaseka. Ine ndinangomwetulira, pajatu ndi abambo athu. Koma funsolo ndakhala ndikulimva zaka 19 tsopano, m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndipo kawirikawiri wofunsayo amakhala atavala yunifomu yoyera, ali ndi mphamvu yokulepheretsa mayeso.

Pabwalo la tchalitchi sipokambira zonse, n'chifukwa chake ndalemba. Ndikulankhula ndi iwe mng'ono wanga, komanso aliyense wa kwathu kuno, kaya ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa kapena Epworth, amene akulowera njira yomweyi. Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, m'zaka za m'ma 1950, nadzagwira ntchito yophika m'nyumba ya mzungu ku Avondale. Ine ndinabadwira konkuno. Chishona ndimalankhula ngati mwini wake, koma dzina la bambo limandiulula nthawi iliyonse akamaitana mayina. Nawenso udzasenza mitolo iwiri: ndiwe mkazi, ndiponso kwa ena ndiwe "mubhurandaya", dzina limene amatchulira anthu ochokera ku Malawi, ngakhale Blantyre sunamuonepo ndi maso.

Gula kabuku kachiwiri

Ukadzayamba kugwira odwala, sukulu idzakupatsa logbook. M'menemo mumalembedwa dzino lililonse limene wazula, limene wamata, jakisoni aliyense wa dzanzi amene wabaya, ndipo mphunzitsi amasayinira. Nambala zikapanda kukwana, mayeso omaliza sulemba. Tsankho la kusukulu ya mano limabisala m'nambala zimenezi. Palibe amene adzakuuze kuti "iwe ndiwe mkazi, khala pansi." Chimene chimachitika n'chakuti wodwala wa dzino lovuta akalowa, mphunzitsi amaitana mnyamata, iwe n'kukupatsa paipi yoyamwira malovu kuti ugwirizire. Lero, mawa, sabata yamawa. Pakutha pa teremu amakudabwa kuti bwanji ukutsalira.

Zinandichitikira m'chaka changa chachinayi, pasukulu imene sindiitchula. Tinali awiriawiri pampando umodzi. Patapita miyezi itatu, mnzanga wamwamuna anali atazula mano 34, ine 11. Sanali munthu woipa ayi, ankangolandira zomwe wapatsidwa. Ndikanapita kwa mkulu wa dipatimenti n'kunena kuti "akundisala," akanandiuza kuti ndine wamtima wapachala. Ndinapita ndi pepala limodzi: masiku, odwala amene anabwera pampando wathu, ndi amene anapatsidwa aliyense. Mkuluyo anawerenga, anakanda m'mutu, ndipo sabata yotsatira panakhomedwa lamulo loti odwala tizilandira mosinthana, woyamba wa uyu, wachiwiri wa uyo. Pepani sananene, ndipo ine sindinapitire pepani.

Pepala limenelo linachokera m'kabuku kachiwiri. Gula kabuku kakang'ono kokwana m'thumba, kachikuto cholimba, kosathothoka masamba. Chikachitika chinthu, lemba tsiku lomwelo usanagone: deti, nthawi, chipinda, mawu amene ananenedwa monga momwe anatulukira m'kamwa, m'chilankhulo chomwecho, ndi anthu amene analipo. Usalembe kuti "anandinyoza." Lemba zimene ananena. Maganizo ako asiye kunja, adzakuthandiza ndi mawu akewo. Dzina la wodwala usalembemo, chifukwa chinsinsi cha wodwala ukachiphwanya mlandu udzatembenukira iwe. Nambala ya mpando ndi nthawi n'zokwanira. Lachisanu lililonse jambula masamba a logbook ndi foni n'kudzitumizira pa imelo. Logbook imasowa, ndipo ndinaonapo ina ikusowa sabata imene mwini wake anakana kukwera galimoto ya mphunzitsi.

Sayini usaisiyire mawa. Wamaliza ntchito, wodwala asanadzuke n'komwe, logbook ikhale kale m'manja mwa mphunzitsi pamodzi ndi cholembera chako. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Nkhani ya mphamvu

Pano ndichedwapo, chifukwa bodza limeneli ngakhale atsikana enieniwo amalikhulupirira.

Dzino silikhala m'nsagwada ngati msomali m'thabwa. Muzu wake umakhala m'kadzenje ka fupa, utamangiriridwa ndi timinyewa tating'onoting'ono tozungulira muzu wonse. Kuzula dzino ndi kudula timinyewato ndi kukulitsa kadzenjeko pang'onopang'ono mpaka dzino litavomera lokha. Amene anakumbapo chinangwa akudziwa: ukakoka mwaukali chimathyokera pansi, n'kuyamba kufukula ndi khasu. Wodziwa amagwedeza, dothi n'kumasuka. Madokotala amene amadalira minofu ya m'mikono ndi omwe amathyola mizu, ena mpaka kuthyola fupa la kumapeto kwa nsagwada ya m'mwamba. Pa ntchito yanga ndachotsa tizidutswa tambiri ta mizu tosiyidwa ndi anthu a mikono ngati mitsi.

Ndiye uzichita chonchi. Yamba waona X-ray, udziwe kuti mizu ndi ingati ndipo yapindikira kuti. Dzanzi ligwire bwinobwino. Wodwala amene akumva ululu amaumitsa khosi ndipo ntchito imakula kawiri. Tenga luxator, kachida kopyapyala kodulira timinyewa tija, ulowetse pakati pa muzu ndi fupa, uzitsetsereka nayo motsata muzu. Elevator ya Coupland, chida chotukulira dzino, ibwere pambuyo pake, ndipo uzitsamiritsa pafupa, osati padzino loyandikana nalo. Ukafika pa forceps, chopanira chozulira mano, milomo yake igwire muzu, osati mutu wa dzino, ndipo kuyenda koyamba ndi kokankhira m'kati, kulowera kumuzu. Ambiri amalakwa pomwepa chifukwa mtima umafuna kukoka. Kankha, pendeketsa pang'ono, gwira pomwepo masekondi angapo kuti fupa lifutukuke, kenako bwerera. Mano a muzu umodzi wozungulira, monga akutsogolo a m'mwamba, amalola kupotokola. Otafunira a m'munsi, a mizu iwiri, amafuna kugwedezera kutsaya ndi kulilime, kapena kuyendetsa ngati ukulemba 8. Likakana, usalimbane nalo: lidule pakati ndi bur, kachitsulo kozungulira kodulira mano, mizu ituluke umodziumodzi. Kutero si kugonja, ndi mmene amachitira akatswiri a opaleshoni.

Thupi lako ulikonze lisanayambe ntchito. Mpando wa wodwala ukhale pa msinkhu wako, osati pamene anausiya mnyamata wamtali amene anagwirapo m'mawa. Pa mano a m'munsi utsitse mpaka nsagwada ifanane ndi chigongono chako kapena kutsikirapo. Ngati umagwira ndi dzanja lamanja, otafunira a m'munsi a kumanja uziwazula utaima kumbuyo kwa wodwala. Miyendo itanyule pang'ono, mkono usapindike pamfundo ya dzanja, mphamvu ichokere m'phewa ndi m'thupi lonse. Dzanja linalo ligwire nsagwada, zala zikumva mmene fupa likuyendera.

Kanthu kena kooneka kachabe: magolovesi. Malo ambiri amagula a medium ndi large okhaokha chifukwa wolemba oda ndi mwamuna. Golovesi lalikulu limasiya nsonga zolendewera, zimakodwa m'zida, ndipo zala sizimva kanthu. Pempha a small, polemba kalata kwa woyang'anira sitolo. Akachedwa gula bokosi lako, risiti n'kuimata m'kabuku kaja.

"Sister, dokotala abwera nthawi yanji?"

Funso ili udzalimva mpaka imvi. Mankhwala ake ndi kuyamba ndiwe kulankhula. Wodwala akangokhala, nena dzina lako ndi udindo wako: "Ndine Dokotala wakutiwakuti, ndikuthandizani ndine lero." Ukadali pasukulu unene kuti ndiwe wophunzira udokotala wa mano ndipo akukuyang'anira ndi a uje. Ukatero wambiri amangoti "oho" n'kutsegula pakamwa. Usakwiye ngati kuti unamwino ndi chitukwano. Anamwino ndi othandizira pampando ndi amene anandiphunzitsa theka la zomwe ndikudziwa, ndipo tsiku limene udzafune mboni, mboniyo idzakhala mmodzi wa iwo.

Wokana kugwiridwa ndi mkazi usamunyengerere. Mufotokozere kamodzi, modekha, kuti akasankha kudikira adikira nthawi yaitali bwanji ndipo dzinolo lingamuchite chiyani. Akaumirira, lemba m'fayilo kuti wakana thandizo, itana wotsatira. Koma wogwiragwira, kapena wolankhula zolaula iwe utawerama pankhope pake, ameneyo ika zida pansi, bwerera m'mbuyo, nena mokweza kuti wothandizira amve: "Bambo, chotsani dzanja." Ngati bala lili lotseguka, malizitsa zoti magazi asiye, ndipo ulendo wotsatira akaonedwe ndi wina. Lamulo langa mpaka lero: sindigwira wodwala ndili ndekha m'chipinda, kaya ndi Loweruka madzulo, kaya wothandizira akuthamangira kombi ya ku Chitungwiza.

Kukoma kwa mtolo wachiwiri uja kuli pano. Nkhalamba za kwathu, zimene zinakalambira m'mafamu ndi m'migodi, zikamva "Agogo, likupweteka ndi liti?" zimamasuka thupi lonse. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013. Usachibise m'chipatala.

Mauthenga a usiku

Amayamba bwino. "Uli ndi luso, ndikufuna ndikuthandize." Kenako WhatsApp ya 10 koloko usiku, kenako "bwera ku ofesi ukasayinitse anzako akapita." Wokusayinira logbook akayamba kukufuna, wagwira mpeni kumpini, iwe wagwira kokuthwa.

Yankha kamodzi, polemba, mwaulemu koma mosazungulira: kuti nkhani za sukulu muzikambirana nthawi ya ntchito, ku kiliniki. Usawonjezere nthabwala kapena tizithunzi toseka pofuna kufewetsa, chifukwa timeneto adzatiwerenga pamaso pa komiti ngati umboni woti unkasangalala. Usafufute uthenga uliwonse. Jambula, nambala yake ndi deti zikuoneka, utumize ku imelo yako ndi kwa munthu mmodzi amene umamukhulupirira. Ku ofesi yake uzipita ndi mnzako, chitseko chikhale chotsegula. Akakufunsa chifukwa chake, "timayendera limodzi" ndi yankho lokwanira.

Akapitiriza, kapena magiredi akayamba kugwa, kadandaule polemba kalata. Funsa ku ofesi yoona za ophunzira kuti ndondomeko ya madandaulo otere ili pati, uiwerenge usanalembe. Kalata ikhale ya tsamba limodzi, masiku ndi mawu basi. Pita ndi makope awiri, ina akudindire n'kukubwezera. Dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo ya mu Ogasiti. Pasukulu pakakanika, kunja kuliko zitseko zina. Zimbabwe Gender Commission inakhazikitsidwa ndi gawo 245 la malamulo aakulu ndipo imalandira madandaulo kwa anthu. Mphunzitsi amene ndi dokotala alinso pansi pa Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, khonsolo imene imalembetsa madokotala ndi kuweruza za khalidwe lawo. Akakugwira mokakamiza, imeneyo ndi nkhani ya polisi ndi chipatala tsiku lomwelo, osadikira komiti.

Sindikunamiza kuti kudandaula n'kotsika mtengo. Ena adzasiya kukupatsa moni. Ine ulendo wina ndinakhala chete, ndipo chaka chotsatira munthu yemweyo anavutitsa mtsikana wina amene anasiyiratu sukulu. Nkhani imeneyo imandiluma mpaka lero. Ngati wasankha kudikira mpaka utalemba mayeso, sindikuweruza, koma kabuku kasaleke kulembedwa. Ndipo funsa mwakachetechete atsikana a m'kalasi ya patsogolo pako. Kawirikawiri fisi ameneyo anadutsa kale m'makola ena, ndipo timabuku titatu tonena chimodzi timavuta kutikana.

Akamakusankhira njira

Chaka chomaliza chikamayandikira udzamva kuti, "Iwe ungakhoze bwino mano a ana," kapena, "Opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope si ya munthu wofuna banja." Udokotala wa mano a ana ndi ntchito yovuta komanso yolemekezeka, ukaukonda, utenge. Koma usankhe wekha. Ngati mtima uli ku theatre, chipinda chochitira opaleshoni, pempha kulowa nawo pa maopaleshoni, dzina lako lilembedwe m'buku la ku theatre, ndipo upeze dokotala wamkulu mmodzi, mwamuna kapena mkazi, amene adzakulembere kalata yokuchitira umboni. Amuna abwino alipo. Amene anandiphunzitsa kudula dzino pakati anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene ankangoti "bwerezanso."

Zotsekereza zitsekozi n'zakale. Lucy Hobbs anakanidwa ku Ohio College of Dental Surgery mu 1861 chifukwa anali mkazi. Anaphunzira payekha, natsegula malo ake, ndipo sukulu yomweyo inadzamupatsa digiri mu 1866, woyamba mwa akazi onse. Lilian Lindsay atafunsira malo ku National Dental Hospital ku London, mkulu wa sukuluyo anamufunsira mafunso panja, m'mbali mwa msewu, kuopa kuti akalowa asokoneza anyamata. Anapita ku Edinburgh, anamaliza mu 1895, ndipo mu 1946 anakhala pulezidenti wa British Dental Association. Ndimamukumbukira mayi ameneyu chifukwa intavyu yanga yoyamba ya ntchito, pa sejale (kiliniki ya dokotala) ina m'tauni muno, inachitikira pamalo oimika magalimoto, mwini wake makiyi ali m'manja, ndipo funso loyamba linali lakuti ndikwatiwa liti.

Ntchito, malipiro ndi mimba

Funso limenelo ukalimva, bweza nkhani ku ntchito: "Ndikhoza kuyamba pa 1, ndipo masiku amene mwatchulawo ndikwanitsa." Ukatuluka, lilembe. Gawo 56 la malamulo aakulu limaletsa tsankho, gawo 65 limati akazi ndi amuna alandire mofanana pa ntchito yofanana. Labour Act, pa gawo 5, imaletsa olemba ntchito kusala munthu chifukwa ndi mkazi, chifukwa ndi woyembekezera, kapena chifukwa cha mtundu ndi kumene anachokera. Gawo 8 limaika kufuna zachiwerewere posinthana ndi ntchito m'gulu la zolakwa za bwana.

M'masejale a anthu, dokotala wachinyamata nthawi zambiri amalipidwa gawo la ndalama zimene walowetsa. Apa funsa mafunso atatu usanasayine. Gawolo ndi la ndalama zimene zalembedwa pa bilu kapena zimene zalandiridwa, poti a medical aid, inshuwalansi ya zachipatala, amachedwa kulipira? Ndalama ya ku labu, ya mano oikirira, amachotsa asanagawe kapena atagawa? Odwala atsopano amagawidwa bwanji? Lachitatuli ndiye mwini nkhani. Ine ndinagwirapo malo ena pamene peresenti yanga ndi ya mnzanga wamwamuna zinali zofanana papepala, koma wa pa resepishoni anauzidwa kuti ma crown ndi ma bridge, zovekera dzino ndi mano oikirira pampata, azipita kwa "Doc", kutsuka mano ndi ana olira kwa ine. Pakutha pa mwezi envelopu yake inali yonenepa kawiri. Ndi logbook yomwe ija, yangovala suti. Werenga buku la maapointimenti mwezi uliwonse, ndipo anzako aamuna uwafunse molunjika kuti amalandira zingati. Ambiri amanena.

Onetsetsanso kuti kontirakiti ikukutcha chiyani. Ikati ndiwe wodziimira pawekha wongobwereka mpando, bwana adzakana kuti si iwe wantchito wake tsiku limene udzafune tchuthi cha uchembere. Wantchito amapatsidwa masiku 98 a tchuthi chimenechi pa malipiro onse. Kale ankafuna kuti ukhale utagwira chaka chathunthu ndipo ankawerenga mimba zitatu zokha kwa bwana mmodzi, koma kusintha kwa lamulo kwa mu 2023 kunachotsa zimenezo. Ukabwerera uli ndi ola limodzi patsiku loyamwitsa mwana kwa miyezi 6. A m'zipatala za boma ali ndi malamulo awoawo a ntchito, choncho ukakhala kumeneko pempha kope ku ofesi yoona za antchito. Dandaulo la kwa labour officer, wa boma woona milandu ya antchito, lili ndi malire a zaka 2; usagonere.

Mimba si matenda, ndipo wina asakuchotse pampando ponamizira X-ray. Pojambula, tuluka m'chipinda kapena ima kuseri kwa chotchinga. Popanda chotchinga, talikira mamita 2 ndipo usaime kumene kwaloza makina. Filimu usaigwirizire ndi chala chako m'kamwa mwa wodwala, woyembekezera kapena ayi. Pempha kabaji koyeza mphamvu ya X-ray imene thupi lako lalandira. Kumene amagwiritsa ntchito mpweya wa nitrous oxide, wokhazika wodwala mtima pansi, funsa ngati pali paipi yotulutsira wotsala kunja. Ngati palibe, odwala amenewo apite kwa mnzako miyezi imeneyo. Pa amalgam, chomatira mano chokhala ndi mekyule, gwiritsa ntchito ya m'makapisozi otseka, usakhudze ndi manja, ndipo pochotsa yakale madzi ndi choyamwira champhamvu zikhale zikugwira. Uza bwana polemba kalata, utchule tsiku loyembekezera kuchira ndi tsiku lobwerera, kope n'kusunga.

Kunyumba nakonso kuli nkhani yake. Azakhali adzati sukulu yatalika, amuna adzakuopa. Usakangane nawo pamaliro kapena pachinkhoswe. Makolo athu ambiri dokotala wa mano amene anamudziwa anali bambo wonyamula chopanira, ndipo ku Malawi komweko maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019, ku College of Medicine, mothandizana ndi University of Glasgow. Ine azakhali anga ndinawaitana ku sejale, ndinawatsuka mano, ndinawaonetsa X-ray ya m'kamwa mwawo pa kompyuta. Za banja amafunsabe, koma tsopano amafunsa atakhala pampando wanga.

Chotsiriza ndi mapepala ako. Ukalembetsa ku khonsolo, satifiketi yolembetsera ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka ndi chaka zili m'dzina lako, ndipo ndi zako. Bwana akafuna kulipira chiphasocho, zikomo, koma risiti uione ndi maso, chifukwa wogwira ntchito chiphaso chitatha ndi iwe, si iye. Digiri yeniyeni usaisiye mu kabati ya munthu. Mupatse kope yodindidwa ndi commissioner of oaths. Mnzanga wina anakhala miyezi isanu osatha kuchoka pamalo pamene ankamuzunza chifukwa mapepala ake anali "m'sefa" ndipo kiyi anali ndi bwana yekha. Anga amakhala m'sutikesi yachitsulo imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Dedza, pansi pa bedi, pamodzi ndi timabuku 7 todzaza.